Ulendo wa ku Mauritius, mpaka ku nyanja ya Grand Bassin wapansi

Lachisanu, 21 February 2025, Vacoas

Ndafika abale, ndipo ndikulemba ndili chigonere pa matiresi pansi m'chipinda cha mng'ono wanga, thukuta lili kamukamu, fani ikungozunguza mpweya wotentha womwewo. Ku Chileka ndinanyamuka dzulo masana, usiku ndagona pa benchi ku eyapoti ya ku Johannesburg chikwama ndili nacho pamutu, chifukwa timadola tomwe ndinapeza nditazungulira mabanki mpaka nsapato kutha sindikanatimwaza pa bedi la usiku umodzi ayi. M'mawa ndege ya maola anayi, pansi madzi okhaokha kupatula pomwe tinadutsa pamwamba pa Madagascar, ine mtima uli m'mwamba njira yonse. Nthawi ya kuno ili patsogolo ndi maola awiri.

Ndi pasipoti ya Malawi viza safuna, koma mafunso ndiye alipo, tikiti yobwerera, adiresi ya komwe ukagone, ndalama uli nazo zingati. Ukadutsa pamenepo pali tebulo lina la azaumoyo, mayi wa pamenepo atangoona kuti Malawi anakopera nambala ya foni ndi adiresi nkunena kuti abwera kunyumba kudzatenga magazi. Malungo kuno anawathetsa, WHO inavomereza mu 1973, ndiye aliyense wochokera dziko la malungo amamulondola mpaka pakhomo. Sindinakhumudwe nazo, ndinangosirira.

Mng'ono wanga anali akudikira panja, waonda koma nkhope yawala. Ataksi anatchula mtengo woti ine ndinangoyang'ana kumbali, iye nkuti "achemwali tiyeni pa basi, kuno basi sichititsa manyazi". Magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu komweko. Mseu wonse mpaka ku Curepipe ndi mizimbe mbali zonse, pakatipakati milu ya miyala yakuda yomwe anthu anachita kuzula ndi manja kuti apeze polima. Ku Curepipe tinakwera sitima yamagetsi yomwe amaitchula kuti Metro, mphindi zochepa tili pa Vacoas.

Iye amachita lendi kachipinda kapamwamba kwa banja lina la chiHindu. Mayi a nyumba, omwe iye amawaitana kuti Chachi, anali atatisungira mpunga, nyemba za dholl, shushu ndi maungu okazinga. Anapepesa kuti nyama palibe, nsomba palibe, ngakhale dzira, nyumba yonse ikusala mpaka chikondwerero cha mulungu wawo Shiva, chotchedwa Maha Shivaratri, chidutse Lachitatu.

Loweruka, 22 February, Port Louis

Kutentha kwa Port Louis ndi kwina, mzinda uli m'khonde mwa mapiri moyang'ana nyanja, mpweya sukuyenda. Pa msika waukulu tinaima pa mzere wa dholl puri, tizikondamoyo topyapyala tofewa ta ufa wosakaniza ndi dholl wogaya, amaika msuzi wa nyemba zikuluzikulu, tomato wokazinga ndi tsabola nkukulunga awiriawiri mu pepala. Ndinalipira ma rupee 25, dola imodzi ikusinthidwa cha m'ma 46. Aliyense akudya chiimire, wa tayi, wapolisi, mayi wovala hijabu, mnyamata wa ma dreadi, mzere umodzi. Ndinatsitsira ndi alouda, mkaka wozizira wa timbewu toterera, pakhosi panachita kuti myaa.

Koma zomwe ndikufuna kulemba lero ndi za ku Aapravasi Ghat, pomwe ankafikira antchito ochokera ku India, ku doko, kuyenda pang'ono kuchoka pa msika. Kulowa ndi ulere. Malo ake ndi aang'ono moti utha kuwadutsa osadziwa, makoma a miyala yakuda, pomwe panali khitchini, zimbudzi, posambira, ndi masitepe 16 ochokera m'madzi. Ukapolo uli pafupi kuthetsedwa kuno (unatha pa 1 February 1835), eni minda ya mizimbe anafuna manja ena otchipa, ndipo Angerezi anayamba kubweretsa anthu kuchokera ku India pa kontirakiti ya zaka zisanu, mwamuna kulandira ma rupee asanu pamwezi. Chombo choyamba, Atlas, chinafika pa 2 November 1834 ndi anthu 36. Pofika cha m'ma 1920 anali atafika pafupifupi theka la miliyoni, ambiri ochokera ku Bihar ndi madera oyandikira, ena Atamil ndi Atelugu akummwera. Aliyense ankapatsidwa nambala, kenako anayamba kuwajambulanso. Zithunzizo zilipo, nkhope zoonda, maso otopa, nambala pafupi.

Ine ndakulira ku Limbe, amwenye ndawaona moyo wanga wonse, koma ndinkawaonera kuseri kwa kauntala basi, iwo mbali ya ndalama ife mbali ya kugula kapena kusesa. M'mutu mwanga mmwenye wodula mizimbe ndi chikwanje, wogona m'msasa wa udzu, wodulidwa malipiro a masiku awiri akajomba tsiku limodzi, munalibemo. Ndinaima nthawi yaitali pa chithunzi cha mtsikana wina wa ndolo pamphuno, msinkhu wake ngati wa mng'ono wanga yemweyu.

Ndipo asanafike iwowa, amene ankadula mizimbe yomweyo anali akapolo ochokera ku Madagascar ndi ku gombe la Mozambique. Onse a mbali yathu ankangowalemba kuti Mozambique, koma mkati mwake munali Amakua, Ayao, ndi anthu a ku Maravi omwe anayendetsedwa kuchoka kufupi ndi nyanja yathu mpaka ku Kilwa ndi ku Quelimane. Ndiye pobwerera mu Metro ndimangoyang'ana nkhope za anthu akuda a kuno, mayi wina anakhala moyang'anizana nane anafanana ndi azakhali anga a ku Namwera moti ndinatsala pang'ono kuwapatsa moni wa kwathu.

Lamulungu, 23 February, Vacoas

M'mawa ku Misa, yonse mu Chifalansa ndi Chikiliyo cha kuno, ndinangotsatira ndi maondo. Potuluka tinapeza mseu wadzaza anthu ovala zoyera akulowera kumtunda ku nyanja yawo yopatulika ya Grand Bassin, ena anyamuka kumpoto kwenikweni kwa chilumba, ku Triolet ndi ku Goodlands, akhala akuyenda usana ndi usiku. Asenza zomwe amati kanwar, timisasa ta nsungwi tokutidwa ndi nsalu zoyera, mapepala amitundumitundu, timagalasi, timabelu, mkati muli chifanizo cha Shiva. Zina munthu mmodzi pa phewa, zina anyamata anayi, zina za matayala zokoka ndi zingwe ndi ma sipika pamwamba.

Pakhomo pathu pano mwana wa a Chachi ndi anzake amamalizitsa yawo, yaing'ono. Bambo a nyumba anatenga tepi nkuyeza kutalika kwake kawiri konse. Chaka chatha, mu March 2024, kanwar ina yaitali inagunda mawaya a magetsi m'mudzi wa Arsenal nkuyaka, achinyamata asanu ndi mmodzi anafa, ndiye chaka chino apolisi akhwimitsa za kukula kwake ndipo makolo sakugona tulo. A Chachi pofotokoza anagwira pachifuwa.

Madzulo a Chachi anandifunsa ngati ndingapite nawo ku Grand Bassin mawa usiku. Ndinati ine ndine Mkhristu amayi. Iwo anaseka nkuti mu September iwonso amayenda wapansi kupita ku manda a wansembe wa Chikatolika, Père Laval, ku Sainte-Croix limodzi ndi Akatolika, ndipo palibe anawafunsapo za ubatizo. Ndaganiza usiku wonse, mantha alipo kuti kwathu ena amva bwanji, koma ndavomera. Sindikapembedza, ndikawaperekeza anthu omwe akumusunga mwana wathu ngati wawo, anamugoneka m'chipinda chawo pomwe anadwala chaka chatha ife tili kutali osadziwa kanthu.

Lolemba, 24 February

Azaumoyo aja abweradi, bambo wa njinga yamoto ndi kabokosi, kubaya chala, kupaka pa kagalasi, nkuti mukamva kutentha thupi musamwe mankhwala a m'chikwama, bwerani kuchipatala. Masana ndagona dala. A Chachi andibwereka malaya oyera aatali ndi mpango, akuti ndivale nsapato zakale osati zatsopano. Tinyamuka 9 koloko usiku kuthawa dzuwa.

Lachiwiri, 25 February, Grand Bassin

Miyendo si yanga. Ndikulemba zala zokha ndi zomwe zikugwira ntchito.

Kuchoka pa Vacoas mpaka ku nyanjako ndi makilomita pafupifupi 20, ndipo ndi chitunda chokhachokha, chosaoneka ndi maso koma mawondo amachidziwa. Tinali gulu la banja ndi aneba, anyamata patsogolo ndi kanwar akusinthana mapewa, ife azimayi pambuyo, agogo a nyumba omwe tsitsi lonse ndi loyera ali pakati ndi ndodo yawo, anakana galimoto. Mpaka ku La Marie mseu unali wodzaza moti sumayenda liwiro lako, umayenda liwiro la khamu. Wina akakuwa kuti "Har Har" onse amayankha "Mahadev", ng'oma, timabelu, fungo la lubani ndi utsi wa ma jenereta.

Chomwe sindidzaiwala ndi chakudya cha m'njira. Pafupifupi paliponse pali tenti, mabanja, makampani, magulu a achinyamata, akugawa zinthu ulere, madzi, juwisi, tiyi wa mkaka wotentha, nthochi, mabisiketi, puri ndi ndiwo za mbatata, ndipo sakupatsa ngati akukuchitira chifundo ayi, amachita kukutsekera njira ndi thireyi nkukupempha kuti utenge. Ine ndinali munthu wakuda ndekha pagulu lathu ndipo ndinkayembekeza maso, mwina funso loti ukufuna chiyani kuno. Palibe anafunsa. Pa tenti ina mtsikana wa yunifolomu ya first aid anaona mmene ndikupondera, anandikhazika pa mpando, kundivula nsapato yekha, kutsuka thuza la ku chidendene nkumata pulasitala, kenako kundipaka mankhwala onunkhira m'akatumba ndi manja ake. Ndinamufunsa kuti ndilipire zingati, anangogwedeza mutu nkuitana wotsatira. Tenti inanso a Chachi anandinong'oneza kuti awa ndi Asilamu a m'dera lomwelo, amagawa madzi chaka chilichonse.

Titadutsa La Marie nyumba zinatha, tinalowa m'nkhalango ya mapaini m'mbali mwa damu la Mare aux Vacoas, ndipo nyengo inatembenuka, chifunga ndi kamvula kosalekeza ngati chiperoni cha ku Thyolo, malaya oyera aja kumatirira pathupi, mano kugundana. Apa ndi pomwe ndinafooka. Cha m'ma 2 koloko ndinakhala pa mwala m'mbali mwa mseu ndipo misozi inangobwera yokha, kutopa, kuzizira, komanso mdima wa m'mitengomo unandiopsa ngakhale anthu anali mbwee. Agogo aja anabwerera, sitimvana chilankhulo, iwo Chibhojpuri ndi Chikiliyo ine Chichewa ndi Chingerezi, anangomasula kansalu m'chiuno nkutulutsa timibulu ta shuga, kundiika m'dzanja, nkukhala pambali panga mpaka ndinadzuka ndekha. Kuchokera pamenepo mpaka ku Pétrin tinayenda atandigwira pa chigongono, kaya ndani amathandiza mnzake.

Tinafika kusanache. Choyamba kuoneka mu chifungamo ndi chifanizo cha Shiva chotchedwa Mangal Mahadev, mamita 33 kutalika, anachiimika mu 2007, ndipo tsidya lina la mseu pali china cha mulungu wamkazi Durga ndi mkango wake. Aliyense amajambula pamenepo, ife tinangodutsa chifukwa agogo amafuna madzi. Nyanjayo ndi yaing'ono, ili m'chibowo cha phiri lomwe linaphulika kalekale, yozunguliridwa ndi makachisi ndi masitepe olowa m'madzi. Bambo a nyumba anandifotokozera kuti mu 1897 wansembe wina, Jhummon Giri, analota kuti madzi a nyanjayi akuchokera ku mtsinje wa Ganges wa ku India, ndipo chaka chotsatira anayenda ndi anthu ochepa kudzatunga. Mu 1972 anabweretsa madzi enieni a ku Ganges nkuwathira muno, dzina nkukhala Ganga Talao. Ndinaganiza za anthu a pa zithunzi aja, oti kwawo sakanabwererako, mtsinje wawo woyera uli kutsidya kwa nyanja yaikulu, ndiye anaupeza pompano pa phiri la m'dziko lomwe anabwera kudzavutikamo.

Banja lililonse linapeza kamalo pa masitepe. A Chachi anayala tsamba la nthochi, kuikapo kokonati, nthochi, maluwa achikasu, masamba atatuatatu omwe amati ndi a Shiva, kuyatsa kanyali ka dothi ndi ka camphor, onse atavula nsapato mapazi ali m'madzi ozizirawo. Ine ndinaima kumbuyo nditanyamula nsapato za banja lonse ndi zikwama, ndipo ndinapemphera pemphero langa chamumtima. Agogo anatunga madzi mu kabotolo ka mkuwa, manja akunjenjemera, milomo ikuyenda, ndipo mdzukulu wawo wa ma jini ong'ambika ndi foni yodula uja anagwada nkuwagwira mapazi. M'madzimo muli nsomba zambiri ndi mikunga yonenepa, palibe amaigwira, ndipo apusi amatsika m'mitengo kudzalanda nthochi za nsembe anthu akuona.

Pobwerera anyamata anayenda wapansi ndi kanwar ndi madzi aja, ife ndi agogo tinakwera basi zapadera zomwe zimayenda usiku wonse nthawi ya chikondwereroyi. Ndinagona tisanatuluke pa depoti.

Lachitatu, 26 February

Lero ndiye tsiku lenileni, holide dziko lonse, koma nkhani pa wailesi ndi ina. Kuli namondwe, dzina lake Garance, ali kumpoto chakumadzulo kwa chilumba ndipo akukula. Kuno machenjezo ali ndi makalasi, 1 mpaka 4, kutengera kuti kwatsala nthawi yaitali bwanji mphepo ya makilomita 120 pa ola isanafike. Kalasi 2 ana sapita kusukulu, kalasi 3 maofesi amatseka, mabasi amasiya kuyenda, aliyense kunyumba. Madzulo ano alengeza 3 ndipo eyapoti yatsekedwa.

Ine mawu oti namondwe sindiwamva bwino. Freddy uja wa mu March 2023 anandipeza ku Blantyre, ndinaona ndi maso anga zomwe matope a m'phiri la Soche anachita ku Chilobwe, ndipo mpaka lero mvula ikagwa usiku ndimadzuka kukhala tsonga. Ndiye pomwe anthu a nyumba ino amaseka akulowetsa miphika ya maluwa ndi kumanga thanki ya madzi padenga, ine m'mimba munali mutatentha. Bambo a nyumba anaona, anandigwira dzanja nkundigunditsa khoma, kenako kuloza kudenga, konkire yokhayokha. Anati anamondwe Carol wa 1960 ndi Gervaise wa 1975 anagwetsa nyumba zamatabwa ndi malata zambirimbiri, kuchokera pamenepo aliyense akapeza kandalama amathira silabu, ngakhale nyumba ikhale yosapaka penti zaka khumi.

Mwambo wa Maha Shivaratri umayenera kukhala wa usiku wonse, mapemphero anayi mpaka m'mawa. Ife tinapita ku kachisi wa m'dera lino kusanade, kuyenda mphindi zochepa. Anthu pa mzere aliyense ndi kabotolo kake ka madzi a ku Ganga Talao, kuthira pang'onopang'ono pa mwala wakuda wa Shiva, ena mkaka, ena uchi, wansembe akuimba, belu likulira osalekeza. Ine ndinakhala pakhonde ndi azimayi ena omwe amasenda mbatata, anandipatsa mpeni nanenso ndinasenda. Mphepo itayamba kugwedeza matenti a Chachi anati tiyeni, zotsalazo agogo akapitiriza kunyumba pa kaguwa kawo.

Lachinayi, 27 February

Tatsekeredwa m'nyumba. Mvula ikubwera mwa mafunde, kuwomba mawindo kenako zii, kenako kuyambiranso. Magetsi anathima kanthawi nkubwera. Kusala kwatha koma kumsika kulibe wopita, ndiye a Chachi akanda ufa wa farata, chapati cha kuno, akuti kuno namondwe ndi farata siziyenda padera, nyumba iliyonse lero ikununkhira chimodzimodzi. Andiphunzitsa kupinda kanayi ndi kupaka mafuta pakati kuti ituluke ya magawomagawo, tadyera nsomba zam'chitini zokazinga ndi tomato, anyezi ndi thyme. Ine ndinali ndi ufa wa mgaiwa womwe ndinamubweretsera mng'ono wanga, madzulo ndaphika nsima, agogo anaidya ndi dholl nkupempha ina.

Tacheza kwambiri lero, mng'ono wanga akumasulira. Agogo akuti anayamba kugwira ntchito m'munda wa mizimbe ali kamtsikana, kusenda masamba ouma omwe amacheka manja, atavala masokosi akale m'mikono, sukulu sanaione. Ana awo anaphunzira chifukwa boma la nduna yaikulu yoyamba, Seewoosagur Ramgoolam, linapanga sekondale kukhala yaulere kuyambira 1977, pano mdzukulu ali ku yunivesite ndipo basi amakwera ulere ngati mwana wasukulu, iwonso ulere ngati okalamba, penshoni ikubwera mwezi ndi mwezi. Dziko ili linalandira ufulu mu 1968, ife 1964, ndipo poyamba analibe kanthu koma shuga yemweyo. Ndinawauza za ku Nchalo ndi ku Dwangwa, kuti nafenso mizimbe tili nayo yambiri koma shuga amatha kusowa m'mashopu mwathu, bambo a nyumba anangoti pepani, sanawonjezere.

Sikuti zonse ndi zokoma. Mng'ono wanga akuti pofuna nyumba ena ankangomva mawu pa foni nkuvomera, akamuona nkhope nkuti chipinda chatengedwa. Ndipo anthu akuda a kuno, zidzukulu za akapolo aja, ambiri ndi omwe ali m'madera osauka, bambo a nyumba sanakane nditafunsa.

Loweruka, 1 March, Mahébourg

Garance anatilambalala, anakagwera pa chilumba cha Réunion dzulo m'mawa ndipo kumeneko anthu amwalira, madenga apita. Kuno nthambi zothyoka ndi zinyalala m'misewu basi, chenjezo analichotsa, ndege zayambanso koma zadzaza ndi omwe anatsalira, yanga aisunthira Lolemba.

Ndiye lero tatsikira ku Mahébourg pa basi, kufupi ndi eyapoti, tauni yakale ya asodzi yopanda mahotela aatali. Nyanja ikadali yakuda ndi matope, mabwato onse ali kumtunda, asodzi angokhala pa khoma akusoka maukonde. Ku Chamarel ndi ku Le Morne komwe aliyense amajambulako sindifikako ulendo uno, ndalama zatha ndipo chidendene sichikulola nsapato. Tadya gateau piment wotentha, timandazi ta dholl ndi tsabola, pa ngolo ya bambo wina, tinayi ma rupee 20, ataona ndikutsimphina anafunsa, mng'ono wanga atamuuza kuti ndinayenda ku Grand Bassin anawonjezera tiwiri nkukana ndalama yake.

Tomato pa msika wakwera kale chifukwa cha mvula ija. Ndagula masala, tiyi wa vanila wa ku Bois Chéri ndi mpango umodzi wa amayi. A Chachi atumiza uthenga kuti tisachedwe, mabasi a kuno amasiya kuyenda molawirira madzulo, komanso mawa kuli mapemphero kwa achibale awo ku Triolet komwe kukakhale ndiwo zisanu ndi ziwiri pa tsamba la nthochi, akuti tinyamuka 7 koloko ndipo malaya oyera aja awachapa kale.